Guendolen, Sitima Yankhondo ya pa Nyanja Yathu

Atonga a ku Chintheche ndi ku Bandawe, amene makolo awo adaona sitima zoyamba za nthunzi zikuponya nangula pa magombe awo, ndipo ambiri mwa iwo adalowa ntchito m'sitimazo monga amalinyero, osonkheza moto ndi onyamula katundu, ali ndi gawo lawo m'mbiri imene tifuna kulongosola pano, ngakhale kuti Azungu akamaisimba amakonda kutchula akaputeni awiri okha, wina Mngerezi, wina Mjeremani. Mbiriyi ndi ya Guendolen, sitima yankhondo ya boma la Nyasaland, imene idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1899, ndipo m'mwezi wa August 1914 idanyamuka pa doko la Nkhata Bay, makilomita ngati 40 kumpoto kwa Chintheche, kukawombera inzake ya kutsidya. Koma tisanakwere m'sitimayo n'koyenera kuti tiyambe taona chimene anthu a masiku amenewo ankachiyesa sitima yankhondo yeniyeni, pakuti kukula kwa chinthu kapena kuchepa kwake kumaoneka bwino chikaimikidwa pambali pa chinzake.

M'zaka za m'ma 1870 maufumu a ku Ulaya, amene chuma chawo chinkayenda pa nyanja zamchere, adaona kuti zombo zawo zamalonda zikusowa mlonda wotha kupita maulendo aatali, waliwiro lokwanira kupirikitsa mdani, ndiponso wolimba m'nthiti kuti chipolopolo chisamuboole msanga. Sitima zikuluzikulu zovala chitsulo zinalipo kale, koma zinali zolemera, zodya malasha ambiri, ndi zoyenera kukhala pafupi ndi kwawo. Tsono amisiri adapeza njira yapakati: adamanga sitima yopepukirapo, naiveka lamba wa chitsulo chochindikala m'chiuno mwake, pamzere pamene madzi amalekeza, chifukwa bala la pamenepo ndilo limamiza chombo. Mtundu umenewu ndiwo Angerezi adautcha armoured cruiser. Adatsogola ndi a ku Russia, amene General-Admiral yawo idatsikira m'madzi mu 1873. Angerezi adayankha ndi Shannon mu 1875, chaka chomwecho chimene Ilala yoyamba, itanyamula Dr Robert Laws ndi anzake, idalowa m'nyanja yathu. Lamba wa Shannon, pamene adachindikala koposa, anali mainchesi 9, ndipo sitimayo inali ndi matanga pamodzi ndi injini, poti akuluakulu a nthawiyo anali asanakhulupirire nthunzi payokha. Koma idapezeka yaulesi pa liwiro, ndipo sidatumikire zaka zambiri m'nyanja zakutali kumene adaikonzera.

Ana a m'banja limeneli adapitirira kukula chaka ndi chaka. Good Hope, imene idatsikira m'madzi mu 1901 ndipo idatenga dzina lake ku dziko la Cape, inkalemera matani 14,000, inkanyamula amuna pafupifupi 900, ndipo inali ndi mizinga iwiri yaikulu yotaya chipolopolo cha makilogalamu 170 chimodzi, pamodzi ndi mizinga ina 16 yocheperapo. Komabe nkhondo itafika, zonsezi sizidaipulumutse. Pa 1 November 1914, pafupi ndi Coronel ku gombe la Chile, Scharnhorst ndi Gneisenau za Ajeremani, za mtundu womwewo, zidaimiza pamodzi ndi Monmouth, osapulumukapo munthu ndi mmodzi yemwe; ndipo masabata angapo izi zisanachitike, pa 22 September, sitima imodzi yoyenda pansi pa madzi inali itamiza Aboukir, Hogue ndi Cressy m'mawa umodzi, nimwalira anthu oposa 1,400. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tanena izi kuti wowerenga asunge m'mtima pamene tikufika ku nyanja yathu, kumene sitima yopanda lamba ndi pang'ono pomwe, ya mzinga umodzi wokha, idatsiriza m'mawa umodzi ntchito yomweyo imene zimphona zija zidamangidwira, ndiyo kutsekula njira ya pamadzi kwa mwini wake ndi kuitseka kwa mdani.

Chimene chidaitana sitima za mizinga ku nyanja ya Malawi poyamba sichinali nkhondo ya Azungu okhaokha ayi, koma malonda a akapolo ndi ulamuliro wa magombe. Zombo za matanga za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi za Makanjira wa kum'mawa zinkawolotsa minyanga ndi anthu kupita nawo ku njira ya ku Kilwa, ndipo Harry Johnston, amene adaikidwa kuyang'anira dziko lino mu 1891, adazindikira msanga kuti wopanda sitima sangalamule nyanja. Phunzirolo lidadza ndi mwazi, pakuti mu December 1891 Captain Cecil Maguire adaphedwa ndi ankhondo a Makanjira pamene ankafuna kutentha zombo zawo. Mu 1893 zidafika tsono sitima ziwiri zazing'ono za mizinga, Pioneer ndi Adventure, ndipo chaka chomwecho Ajeremani adatsitsira m'madzi yawo, Hermann von Wissmann, imene adailipira ndi ndalama zosonkhedwa kwawo m'dzina la kuthetsa ukapolo, naimangira pa Mpimbi m'mbali mwa Shire, m'dziko la Angerezi momwe. Masiku amenewo Mngerezi ndi Mjeremani ankadyera mbale imodzi, kotero kuti mu 1895, pamene Johnston adapita kukagwetsa malinga a Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, Hermann von Wissmann inali m'gulu la sitima zimene zidanyamula asilikali ake. Atonga nawonso nkhondo ya ku Karonga ankaidziwa kale, chifukwa kuyambira 1888 amuna a ku Bandawe ndi Chintheche adali kulembedwa ndi kampani ya Mandala kukamenyana ndi Mlozi yemweyo, ndipo pambuyo pake adakhala pakati pa asilikali oyamba a boma latsopanolo.

Pioneer ndi Adventure zinali zochepa, ndipo amene adaonapo mwera utakwiya pakati pa Chizumulu ndi gombe la Chintheche akudziwa chimene nyanja iyi imachita ndi kangalawa kakang'ono. Boma lidaitanitsa tsono sitima yaikulu kwa amisiri a G. Rennie & Co. ku Greenwich, amene adaimanga, naiphwasulanso zidutswazidutswa, nazitumiza pa nyanja yamchere kufikira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi. Kuchokera kumeneko katundu yense wa dziko lino ankakwera Zambezi ndi Shire m'sitima za mumtsinje, ndipo pofika pa mathithi, pamene madzi sayendeka, ankatsikira pamtunda ndi kuyenda pa mitu ndi mapewa a anthu kufikira ku Matope. Ilala idadutsa njira imeneyi mu 1875 pa mitu ya amuna pafupifupi 800. Mphika wa nthunzi wa Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya ku Likoma, wolemera matani 11, udakokedwa ndi Angoni 450. Wofuna kudziwa mphamvu imene idafikitsa sitima za Azungu pa nyanja yathu ayambe wawerenga mapewa amenewa asanawerenge mphamvu ya injini. Zidutswa za sitima ya boma zidalumikizidwa ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, ndipo idapatsidwa dzina la Lady Gwendolen Cecil, mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain ya masiku amenewo.

Inali sitima ya matani pafupifupi 350, yaitali mamita oposa 40 pang'ono, ndiye kuti Good Hope imodzi inkalemera ngati ma Guendolen 40. Zitsulo za m'nthiti mwake zidasulidwa kuti zitchinge madzi, zosati zipolopolo. Chakudya chake chinali nkhuni, monga zinalili sitima zonse za pa nyanjayi, pakuti malasha sankafika kuno. Ndipo chifukwa cha ichi m'mbali mwa nyanja mudaikidwa malo osungira nkhuni, kumene anthu a m'midzi ankadula mitengo, kuiwaza, ndi kuiunjika m'milu yoyezedwa kuti sitima ikafika ingopakira. Ntchito ya wosonkheza moto, m'chipinda cha pansi mopanda mphepo, m'miyezi ya October ndi November pamene ngakhale wokhala pansi pa mtengo wa mango akutuluka thukuta, inali ntchito imene Mzungu sankaigwira. Chida chake chachikulu pofika 1914 chinali mzinga umodzi wa Hotchkiss, wa mtundu umene Angerezi ankautcha 3-pounder, wa kukamwa kwa mamilimita 47, wotaya chipolopolo cha kilogalamu imodzi ndi theka. Mzinga wotere pa sitima zazikulu za ku Ulaya unali wongopirikitsira timabwato ta adani. Koma galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo pa nyanja imene zombo zake zambiri zinali mabwato osema ndi ngalawa za matanga, Guendolen inalibe woiposa.

Zaka 15 zoyamba za moyo wake zidapita mu ntchito zamtendere, ngati tingautche mtendere ulamuliro umene sitimayo inkanyamula. Inkayenda pakati pa Fort Johnston ndi Karonga, kuima ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay ndi madoko ena, itatenga mabwana a boma, makalata, asilikali ndi katundu wa maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo limodzi mwa maboma amenewo linali la Chintheche, likulu la chigawo chimene chinkatchedwa West Nyasa. Kaputeni wake wodziwika, E. L. Rhoades, adaiphunzira nyanja bwino, nayeza kuya kwake, ndipo pa nthawi yopuma ankasonkhanitsa nsomba ndi kuzitumiza kwa akatswiri ku London, kotero kuti kufikira lero mitundu ingapo ya nsomba za m'nyanja yathu ili ndi dzina lake m'maina awo a sayansi, monga Buccochromis rhoadesii. Rhoades ameneyu anali bwenzi la Berndt, kaputeni wa Hermann von Wissmann, ndipo sitima zawo zikakumana pa doko ankachezerana ndi kumwera limodzi, monga amachitira anthu awiri a ntchito imodzi amene ali kutali ndi kwawo.

Pamtunda mitima sinali yodekha chotero. Mu 1908 Elliot Kenan Kamwana, Mtonga wophunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, adabwera kuchokera ku South Africa ndi chiphunzitso cha Watch Tower, ndipo m'miyezi yowerengeka adabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Chintheche, akulalikira kuti m'chaka cha 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha, ndi msonkho udzatha nawo pamodzi. Boma lidamuchotsa mu 1909, ndipo sadaloledwe kubwerera kwawo kufikira 1937. Amishoni ndi mabwana ankayesa kuti nkhaniyo yatha. Koma chaka chonenedwacho chitafika, ndipo mbiri idamveka yakuti mtundu wa Azungu waukira mtundu unzake ndi ufumu waukira ufumu unzake, sikudali kovuta kwa amene adabatizidwa m'madzi a nyanja yomweyi kukumbukira mawu a mlaliki wawo, makamaka poona sitima ya boma ikupakira asilikali pa Nkhata Bay.

Britain idalengeza nkhondo ndi Germany pa 4 August 1914. Uthenga udafika ku Zomba pa lamya, ndipo popeza waya wa lamya, umene Cecil Rhodes ankafuna kuufikitsa ku Cairo, unkadutsa m'mbali mwa nyanja kumadzulo kuno kufikira ku Karonga, Angerezi adatha kuuzana msanga, pamene Ajeremani a m'madoko a kutsidya anali asanamve kanthu. Bwanamkubwa Sir George Smith ndi akuluakulu ake adaona poyera pamene padagona ngozi. Karonga inali kutali ndi Zomba ulendo wa masabata angapo pamtunda, panalibe msewu wa galimoto wofika kumeneko, ndipo njira yokhayo yotumizira asilikali kumalire a Songwe inali ya pamadzi. Tsono Hermann von Wissmann ikadangotsala yamoyo ndi mzinga wake, sitima iliyonse yodzaza asilikali ikadakhala nyama yake. Lamulo lidapita kwa Rhoades lakuti aifune ndi kuithetsa mphamvu. Zidadziwika kuti sitimayo ili ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay, ndipo kuti adaikokera pamtunda kuti aikonze.

Guendolen idanyamuka pa Nkhata Bay usiku, nkhondo isanathe milungu iwiri, itatenga gulu la asilikali a King's African Rifles ndi dokotala wa boma G. M. Sanderson, amene pambuyo pake adalemba zimene adaona tsikulo. Wowombera mzinga wophunzitsidwa panalibe, ndipo ntchitoyo idagwera munthu wina wa ku Scotland, wantchito wa Mandala, amene adagwirako mizinga kale kwawo. Kum'mawa kutayamba kufiira adalowa m'dokomo, naiona Hermann von Wissmann ili gone pa zitsulo zokokera, yopanda nthunzi, yopanda mlonda wodziwa kuti kunja kwaipa. Zipolopolo za Guendolen zinali zakale, zogona m'nkhokwe zaka zambiri, ndipo zina zidakana kuphulika, zina zidapita padera, kufikira chimodzi chidalasa. Pamenepo kangalawa kadachoka pagombe kakupalasidwa mwaukali, ndipo m'menemo munali Berndt, amene atakwera m'sitima ya mnzakeyo adamufunsa mokalipa ngati waledzera. Rhoades adamuuza kuti maiko awo ali pa nkhondo ndi kuti iye tsopano ndi mkaidi. Adachotsa mzinga wa sitima ya Ajeremani ndi ziwalo zofunika za injini yake, nabwerera nazo pamodzi ndi akaidi awo. Nyuzipepala ya The Times ku London idalengeza kupambanaku, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri akhala akunena kuti iyi ndiyo nkhondo yoyamba ya pamadzi m'nkhondo yonseyo. Kunena zoona ulemu umenewo ngwokayikitsa, pakuti pa 5 August Angerezi anali atamiza kale Königin Luise, sitima yotchera mabomba, ku North Sea. Koma kuti inali pakati pa zoyambirira, ndi kuti idatha popanda maliro, palibe wotsutsa.

Nkhani ya kaputeni wokalipa m'kangalawa ndiyo imaseketsa alendo, ndipo ambiri amalekera pomwepo, ngati kuti zonse zidali sewero la mabwenzi awiri. Ife a m'mbali mwa nyanja sitiyenera kulekera pamenepo, chifukwa chimene chidatsekulidwa m'mawa umenewo ndi khomo limene ana a dziko lino adatulukira miyandamiyanda. Nyanja itangokhala ya Angerezi okha, boma lidalanda sitima za Mandala ndi za mishoni, Chauncy Maples yomwe, imene idamangidwa kuti inyamule Uthenga Wabwino ndi aphunzitsi, ndipo zidatenga asilikali kupita nawo ku Karonga. Pa 9 September 1914 Ajeremani ochokera ku Neu Langenburg, kumene lero ndi ku Tukuyu, adaukira boma la Karonga, ndipo asilikali a Captain C. W. Barton, amene adafika pa sitimazo, adawabweza kutsidya kwa Songwe. Ochuluka mwa amene adagwa tsiku limenelo, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. Mbiri ya maliro a ku Karonga ndiyo idakhudza mtima wa John Chilembwe ku Mbombwe, nalemba kalata yake ku Nyasaland Times mu November chaka chomwecho, yofunsa chifukwa chimene amphawi a dziko lino ayenera kufera mkangano umene si wawo, ndipo pa 23 January 1915 iye ndi anthu ake adaukira.

Ajeremani sadataye mtima pa sitima yawo, ndipo mbiri idamveka yakuti akuikonzanso. Tsono a ku London adatumiza Lieutenant-Commander George Dennistoun wa Royal Navy kudzayang'anira sitima za pa nyanjayi, ndipo pa 30 May 1915 Guendolen ndi zinzake zidabwerera ku Sphinxhaven. Ulendo uno padalibe zoseka: asilikali a King's African Rifles adatsikira pamtunda, nathamangitsa alonda a pa linga, ndipo Hermann von Wissmann idaphulitsidwa ndi mabomba m'munsi mwake kuti isadzayandamenso m'manja mwa eni ake.

Kuyambira 1916, pamene General Edward Northey adatsogolera gulu lankhondo la Nyasaland ndi Rhodesia kulowa m'dziko la Ajeremani, nyanja idasanduka msewu waukulu wa nkhondo. Katundu wochokera ku South Africa ankakwera Zambezi kufikira ku Chindio, nalowa m'sitima ya pamtunda kufikira ku Limbe, napita pa msewu wa Zomba kufikira ku Fort Johnston, ndipo pamenepo Guendolen ndi zinzake zinkamutenga kupita naye ku Karonga, ku Wiedhafen kumene lero ndi ku Manda, ndi ku Mbamba Bay. Koma pamene sitima yalekeza, kutsogolo kunali mapiri opanda misewu, ndipo thumba lililonse la ufa, bokosi lililonse la zipolopolo, ndi chiwaya chilichonse chinayenera kukwera mapiri amenewo pa mutu wa munthu. Awa ndiwo amtengatenga. Dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, ndipo m'kaundula wa amtengatenga mudalowa maina ngati 200,000. Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama ya msonkho. Pambuyo pake amesenjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku, ndipo mfumu yolephera kupereka chiwerengero chimene bwana wanena inkaona zakuda. Zikwi za amtengatenga zidafera m'njira ndi kamwazi, chibayo cha m'mapiri ozizira, malungo ndi njala, ambiri a iwo osaona nkomwe nkhope ya Mjeremani. Otsala kumudzi nawo adasenza mtolo wawo, pakuti nkhondo inkafuna chakudya ndipo sitima zinkafuna nkhuni zambiri kuposa kale, pamene manja odula ndi olima anali atachepa. Nkhuyu zodya ana zidapota akulu, amatero makolo. Koma apa zidatembenuka, pakuti adadya nkhuyu ndi akuluakulu a ku Berlin ndi London, ndipo m'mimba mudapota anthu amene sankadziwa ngakhale chimene adayambanirana. Ndipo pamene General von Lettow-Vorbeck wa Ajeremani adatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918, chimfine chachikulu cha chaka chimenecho chinali chitalowa kale m'dziko, chikuyenda m'njira zomwezo zimene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera.

Wina angafunse ngati kukadakhala bwino Rhoades akadalephera. Funso lotere lilibe yankho lokoma, chifukwa Ajeremani akadagwira nyanja, mizinga yawo ikadatha kufika pa doko lililonse la kumadzulo kuno, ndipo nkhondo imene idamenyedwa ku Songea ndi ku Iringa mwina ikadamenyedwa m'minda ya chinangwa ya ku Chintheche. Midzi ya kutsidya, imene magulu ankhondo a mbali zonse ziwiri adaipondaponda ndi kuilanda chakudya, idaona zowawa zoposa zathu. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti Guendolen idachotsa nkhondo pa magombe athu ndi kutengera anthu athu ku nkhondoyo, ndipo zinthu ziwirizi idazichita ndi mphamvu imodzi yomweyo.

Mtendere utabwera sitimayo idabwerera ku ntchito yake yakale yonyamula anthu ndi katundu, ndipo idakalamba pa ntchitoyo, niphwasulidwa mu 1944, nkhondo yachiwiri ili mkati. Hermann von Wissmann, imene idawomberedwa kamodzi ndi kuphulitsidwa kachiwiri, Angerezi adaitola, naikonza, naipatsa dzina lakuti King George, ndipo idayendanso pa nyanja yomweyo pansi pa mbendera ya adani ake. Mzinga wa Hotchkiss wochokera m'Guendolen udaimikidwa ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ya chikumbutso cha Mfumukazi Victoria, ndipo m'nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum, m'tauni yomweyo, muli chifanizo cha malo amene kaputeni ankaima poyendetsa sitimayo. M'malo mwa sitima zakalezo mudadza Mpasa, kenaka Vipya, imene idamira ndi mwera pa 30 July 1946 pafupi ndi Chitimba ndi anthu 145, ndipo pambuyo pake Ilala yachiwiri, imene idayamba ulendo wake mu 1951.

Mlandu umodzi wokha wa masiku a Guendolen ndiwo sudazizire. Pangano la Heligoland la mu 1890, limene Britain ndi Germany adagawirana nalo maiko a kuno, lidaika malire a kumpoto kwa nyanja pa gombe la kum'mawa, osati pakati pa madzi, ngakhale kuti sitima ya Ajeremani inkayenda pa madziwo momasuka zaka zoposa 20. Germany itagonja, dziko lake la kutsidya lidaperekedwa m'manja mwa Britain ndi dzina lakuti Tanganyika, ndipo popeza magombe onse awiri anali tsopano pansi pa mbendera imodzi, panalibe amene adaona chifukwa chofunsira kuti madzi ndi a yani. Funsolo lidadzuka maiko awiriwa atalandira ufulu, pakati pa Dr Kamuzu Banda ndi Mwalimu Julius Nyerere m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo lidabukanso mu 2012, boma la Malawi litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Malawi amagwira mawu a pangano la 1890. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa madzi, monga zilili pakati pa Malawi ndi Mozambique kuyambira pangano la Britain ndi Portugal la mu 1954. Nkhaniyi idatulidwa kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino, motsogozedwa ndi Joaquim Chissano wa ku Mozambique, koma mbali ziwirizi sizidamvane.